Khadi Yanga Inasanduka F

Amuna anga atamwalira, foni yawo inali itafa kale, koma kakhadi ka m'kati ndinakasunga m'kansalu. Munali mawu awo. Ankajambula akamaphunzitsa kwaya ya kumpingo kwathu ku Hewe, nthawi zina akukalipira oimba besi.

Mwana wanga wa ku Mzuzu ananditumizira fulashi yake yakale, nati ndikakopetse nyimbozo kuti zikhale pawiri. Ndinapita pa boma kwa bambo wina amene kale anali mphunzitsi, ndipo tsopano ankalembera anthu makalata pa kompyuta.

Analowetsa khadi yanga, kenako fulashi. "Onani mama, khadi yanu ndi E, fulashi ndi F. Mu F muli zakale za mwana wanu, tiyambe tafufuta zimenezo."

Asanatero magetsi anazima. Anazula zonse ziwiri, tinakakhala pakhonde akundifunsa za maliro. Magetsi atayaka anazibwezera, koma ulendo uno anayamba ndi fulashi. Ndinaona ndi maso angawa, osadziwa kuti pali kanthu. Anafufuta F monga ananenera. Atatsegula E, munali zithunzi za mwana wanga ali kusukulu.

Anavula magalasi.

"Aphunzitsi, nyimbo zija zili kuti?"

"Mama, pepani chomene. Ndafufuta khadi yanu."

"Si munati yanga ndi E?"

"Inali E poyamba paja. Kompyuta imapereka chilembo potengera chimene chayamba kulowa."

Sindinalire, ndinangokhala pansi pa simenti, mpando uli pomwepo. Ndiye kuti chinthu chodula chonchi chimasintha dzina la katundu wa munthu chifukwa choti magetsi azima? Malemu sanapite patali ndi sukulu, koma belo lililonse la fodya ankalilemba nambala yawo lisanachoke pakhomo. Sankati langa ndi lachiwiri pamzere.

Ndinawauza aphunzitsi zimenezo. Anavomera kuti khadi kapena fulashi imatha kupatsidwa dzina lakelake losasintha, ndipo anayenera kuwerenga dzina ndi kukula kwake asanafufute. Anangothamangira chilembo.

Anandipempha ndisiye khadi ayese kubweza. Ndinagona kwa mlamu wanga masiku awiri. Pa nyimbo zonse zija panabwerera kachidutswa kamodzi kokha. Kwaya ikuyamba, kenako malemu akuwomba m'manja: "Abesi, mukuthamangira kuti? Kunyumba kulibe nyama!" Anthu akuseka, basi patha.

Ndinawauza aphunzitsi aike kachidutswako pa fulashi, ndipo fulashiyo aitche dzina la amuna anga. Atatero ndinati aizule, alowetse china poyamba, aibwezerenso. Chilembo chinasintha, dzina linakhala. Ndinati achitenso.

"Mama, zatheka," anatero.

"Chitaninso, aphunzitsi."

Anachita katatu ndisananyamuke.