Mango a M'munda Wobwereka

Kwathu, kumtunda kwa Malindi, njira yokwera ku Namwera, munda timabwereketsa koma wobwerekayo sadzalamo mtengo. Alime chimanga, nandolo, mbatata, chilichonse chimene chimatha ndi chaka. Akadzala mango ndiye kuti akunena kuti dothilo ndi lake. Lamuloli mwana aliyense wa kwathu ankalidziwa. Amene sankalidziwa ndi alendo, ndipo m'zaka za nkhondo ya ku Mozambiki alendo anali ambiri.

Banja lina la othawa nkhondo linafikira m'mudzi mwathu: bambo wamtali wosalankhulalankhula, mkazi wake, ndi tiana tawo. Ine ndinali nditangokwatiwa kumene. Mayiyo tinadziwana pachitsime, kenako kukwaya, poti kwawoko analinso a mpingo wathu womwewu, ndipo nyimbo ankazidziwa kuposa ena obadwira pompano. Ufa wa chithandizo unkabwera ndithu, koma mwezi uno ufike, mwezi wamawa galimoto ititimire m'matope. Munthu sungalere ana ukuyang'ana kumsewu. Choncho anapempha munda.

Minda ya banja lathu inali m'manja mwa amalume, mlongo wawo wa mayi anga. Amalume anali mkulu wa mpingo. Ndiwo ankawerenga mawu Lamlungu, atavala jekete yakuda ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Alendowo anawalozera kuphiri, tchire la miyala ndi zitsa kumene ngakhale mbuzi zinkapita monyinyirika. Anthu anawatama amalume kuti ndi Mkhristu weniweni, ndipo iwo sanakane. Mayi anga anabwereketsa khasu kwa mayi uja, chifukwa banja lonse linali ndi khasu limodzi.

Anthu aja anagwira ntchito yoswa msana. Anazula zitsa, anatola miyala n'kuiunjika m'malire, manja onse matuza. Chaka choyamba anakolola pang'ono, nabweretsa dengu la chimanga kwa amalume monga mwa mwambo. Chaka chachiwiri chimanga chinakula mpaka odutsa ankaima. Amalume nawonso anaima. Ndinawaona ndi maso angawa akutapa dothi, kulifikisa m'zala, n'kunena chapansipansi kuti, "Fodya angachite bwino pano." Masiku amenewo aliyense wolima fodya ku Namwera ankabwera ndi njinga yatsopano ndi malata, ndipo zimenezi zinkawasowetsa mtendere amalume.

Koma kulanda munda kwa wothawa nkhondo popanda chifukwa n'chamanyazi, makamaka kwa munthu wowerenga mawu. Chifukwa sichinavute kupeza. Banja lija linathawa kwawo m'nyengo ya mango, ndipo chimene anadya m'njira ndi mango a pakhomo pa amayi ake a mayi uja. Mbewu zake sanataye. Atapatsidwa munda anazikwirira m'mphepete, pafupi ndi mulu wa miyala, kuti ana adzalaweko za kwawo. Timitengoto tinalipo kuyambira chaka choyamba, ndipo amalume ankatidutsa osanena kanthu. Timitengoti tinasanduka mlandu pamene dothi linafewa.

Amalume anadikira kuti anthu aja akolole, asose, apange mizere, mvula ili pafupi. Pamenepo ndi pamene anawaitana n'kuwauza kuti aphwanya mwambo, munda abweze. Bambo uja anavula chipewa napepesa, nati sankadziwa, azula tsiku lomwelo. Amalume anati mawu atuluka atuluka.

Mayi anga anapita kukawadandaulira, ine ndikuwatsatira.

"Achimwene, mitengoyo azule basi, munda muwasiyire. Mlendo ndi mame, nkhondo ikatha adzapita okha."

"Achemwali, dothi ili n'la ana anu omwewa," anatero amalume. "Lero mango, mawa adzafuna manda. Ine ndikusungira banja."

Pakamwa panga sipanachedwe. "Amalume, nanga miyala ija munkaisungiranso banja?"

Ananditcha wamwano, nati ukwati wandikwera m'mutu. Mayi ananditsina kuti ndikhale chete, ndipo tinabwerera manja ali m'khosi.

Lamlungu lotsatira ansembe analalikira za munthu wachuma uja amene minda yake inabereka kwambiri, n'kuganiza zophwasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, osadziwa kuti moyo wake watha. Ndimeyo anawerenga ndi amalume, momveka bwino, osaphonya liwu. Ansembe anati dyera silisankha nyumba, limalowa ya malata, limalowanso ya udzu, ndipo likalowa limavala dzina labwino. Tonse tinagwedeza mitu. Mayi uja anali pambali panga kukwaya, maso pansi. Potuluka ndinamva amalume akuuza anzawo akuseka, "Lero abambo awakhoma eni masitolo a ku Chiponde!" Ndi mmene tinkamvera ulaliki wa chuma kwathu. Tinkayesa dyera ndi nthenda ya olemera, ife osauka tinabayitsa katemera. Mtima unandiwawa mpaka nyimbo yomaliza sindinaikumbukire.

Chimanga chimene anakolola chinawafikitsa pakati pa dzinja. Misewu inaduka, ufa wa chithandizo unachedwa, ana anayamba kutupa mapazi. Tinkagawana nawo zimene tinali nazo, koma nafenso nkhokwe zinali zitapepuka. Bambo uja anachita zimene ambiri ankachita: anawoloka malire kukakumba chinangwa m'munda wake wakale. Ulendo woyamba anabwera ndi thumba pamutu. Ulendo wachiwiri anabwera anzake okha. Anati anaponda bomba lokwirira m'kanjira ka kumunda kwake, ndipo anamuika komweko mofulumira. Tinachita mapemphero a maliro popanda mtembo. Mawu anawerenga ndi amalume, poti panalibe wina wowerenga.

Ndikanakonda kunena kuti matalala anagwa n'kuwononga fodya amene amalume anadzala m'munda uja, kapena kuti pusi wa ichi chakoma ichi chakoma anagwadi chagada. Sizinatero. Fodya anachita bwino monga ananenera. Amalume anakhoma malata, anagula njinga, anakhala mkulu wa mpingo mpaka ukalamba, ndipo sindinawamvepo akutchula bambo uja. Zimenezi zimandivutabe ndikakhala m'tchalitchi.

Mayi uja sanadikire kuona malatawo. Anaganiza zopita ndi ana kumsasa wa othawa nkhondo, kumene ufa sunkachedwa kwambiri. M'mawa wa tsiku lonyamuka anafika pakhomo pa mayi anga, mtolo pamutu, mwana kumbuyo. M'manja anali ndi khasu lija, atalitsuka, mpini utasalala ndi manja a mwamuna wake. Anagwada n'kuliika pansi.

Mayi anga anati, "Tengani, mukalimira kumeneko."

Mayi uja anapukusa mutu. "Iyayi amayi. Tinabwereka ziwiri, munda ndi khasu. Munda tinabweza. Mukawauze achimwene anu kuti tsopano palibe chawo chimene tatsala nacho."