Nsungwi Imene a Mesitiri Anadula

Mmisiri wina kuno ku Insaca, amene timamutchula kuti a Mesitiri, watimangira khola la nkhuku, akuti ndi ofisina yokonzera njinga.

Ine sindine wolankhulalankhula. Ngakhale ku sikelo ya ana ndimakhala kumbuyo. Koma lero mundimva.

Amuna anga, bambo a Lusiya, amakonza njinga ndi mota, njinga zamoto zija, pansi pa mtengo wa mango. Mvula ikagwa, ntchito imaima. Chaka chino tinagula malata khumi ndi awiri ku Entre Lagos kuti timange ofisina pambali pa nyumba. Iwo ndi aatali, ndipo njinga amaikoloweka ndi chingwe pamtanda kuti gudumu lizizungulira m'malere. Ndiye denga limafunika lokwera. Akupita ku Cuamba kukadwazika mayi awo, anadula nsungwi yaitali n'kundipatsa. "Khoma lifike pothera apa. Uwapatse a Mesitiri."

Lolemba 7 koloko a Mesitiri anafika. Munthu wake wamfupi ngati mtondo. Ndinagwada, n'kupereka nsungwi. Anaiyang'ana ngati ndawapatsa njoka. Akuti iwo anayamba kumanga ku Malawi nthawi ya nkhondo ya kwathu kuno, ine ndisanabadwe, sangauzidwe zochita ndi ndodo. Nanga fita yoyezera? Akuti ili m'maso mwawo.

Lachinayi anaima pakhoma, anakweza dzanja, anakhudza mzere womaliza wa njerwa. Akuti basi, kupitirira apa mphepo idzasasula denga. Ndinati chapansipansi, "Koma nsungwi ija, a Mesitiri..." Akuti, "Amake Lusiya, pitani, mwana akulira uko." Mwanayo ali m'tulo kumsana kwanga!

Lachisanu anakhoma malata. Loweruka ndi pamene anakumbukira kuti kwathu kuno madzi a mvula amalowa m'nyumba. Anathira dothi pansi, mawilibala makumi awiri, simenti pamwamba. Pansi pakwera, denga lili pomwe lija. Kodi denga limakula ngati chimanga, a Mesitiri?

Ndinayesa kulowa ndi ndowa pamutu. Ine ndinalowa, ndowa inatsala panja. Masana mkatimo mukhoza kuwotcha chinangwa osasonkha moto.

Dzulo bambo a Lusiya anabwera. Kungolowa, mphumi pamtanda, gu! Chotupa ngati dzira la bakha. Anakoloweka njinga ya wogulitsa nsomba wa ku Amaramba, gudumu lili pansi, silikuzungulira. Mwini njinga anaseka, anamasula njinga yake, ulendo kwa wokonza wina. Amuna anga anandicheukira. "Nsungwi ija unawapatsa?"

Funso limenelo linandilasa.

Amuna anga anaitanitsa a Mesitiri. Anafika 4 koloko akutafuna nzimbe, nsungwi ili m'manja. Anaiimika mkati, kuyambira pansi mpaka pamtanda. Ndendende! Akuti iwo anatsatira muyeso umene analandira. Akuti ngati wafupika, bambo afunse m'nyumba mwawo, chifukwa amayi nkhuni zikasowa amathyola chilichonse.

Anthu anali atasonkhana. Maso onse pa ine.

Ndinalowa m'nyumba. Ndinatuluka ndi chidutswa cha nsungwi chotalika ngati mkono wanga. Ndinachitola Loweruka lija kuseri kwa mulu wawo wa mchenga, ndipo ndakhala ndikupirikitsira nkhuku osadziwa kuti ndi chiyani. Ndinagoneka nsungwi yawo pansi n'kulumikiza. Zinakumana bwinobwino, mmene sowo inadutsira.

Nzimbe inaima pakamwa. Kenako akuti mwina ndi chiswe.

Chiswe chokhala ndi sowo? Chiswe chodziwa kubisa kuseri kwa mchenga?

A Mesitiri, ndikudziwa ana anu akuwerengerani izi. Mitambo yayamba kale kuda. Loweruka mubwere, muzule malata athu osawang'amba, muwonjezere mizere isanu ya njerwa. Mukapanda kubwera, Lolemba ndikaima pakati pa msika ndi zidutswa ziwirizi, aliyense wofuna kumanga adzionere yekha.

Mukuganiza kuti sindingathe? Manyazi anga munawadulira limodzi ndi nsungwi ija.