Chipewa cha Malemu M'kalasi

Amuna anga anamwalira m'nyengo yozizira, tikukhala kutsidya la nyanja, ku Etobicoke. Iwo ankasamalira okalamba, ine ndinkakolopa m'maofesi a m'tauni. Tinawaika konkuno, chifukwa kupita ndi thupi ku Ntcheu sitikanakwanitsa. Anandisiyira mwana mmodzi, mtsikana wobadwira kuno, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi.

Maliro atatha, alamu anga anaimba foni kuchokera kumudzi. Anati iwo ameta kale, nanga ife? Ndinati timeta. Kwathu munthu akamwalira timameta, tsitsi lakale lipite ndi maliro, lina limere. Ndinatenga makina ometera a malemu, ndinayamba mutu wanga, kenako wa mwana. Anali ndi tsitsi lalitali lomwe ndinkamuluka Loweruka lililonse. Anakhala phee pampando, ine n'kumayesa wamvetsa.

Lolemba anavala chipewa chaubweya cha bambo ake n'kupita kusukulu. Kumeneko kunali lamulo loti m'kalasi savala chipewa. Mphunzitsi wake anamuuza kuti avule, iye anakana. Anamuuzanso anzake onse akumva, mpaka anavula. Ana anaseka. Wina anafunsa ngati ali ndi nsabwe, wina anayamba kumuitana kuti mnyamata. Atabwera kunyumba anadzitsekera kuchipinda, ndipo kuyambira tsikulo sukulu anaikana.

M'mawa ndikamudzutsa ankangotembenukira kukhoma. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo chimene tinkapiririra kuzizira kwa dziko lino ndi bambo ake chinali choti mwanayu aphunzire. Tsopano bambo kulibe, sukulunso ikutha ndikuona. Mphamvu zokalipa ndinalibe. Ndinkamusiyira tiyi pakhomo n'kupita kukakwera basi.

Kenako akusukulu anandiitana. Misonkhano yotere ankapita ndi malemu, poti Chingerezi changa n'chongogwirira ntchito. Ndinapeza mphunzitsi wamkulu ndi mayi wina woona za ana amene akuvutika pakhomo. Anandifunsa ngati ndinamumeta pomulanga, ngati ndimamumenya, ngati mutu wanga unasokonekera chimwalirireni amuna anga. Ndinkangoti ayi, maso ali pansi. Mawu oti kumeta maliro ndinawasowa m'Chingerezi. Anati ndibwerenso.

Kutchalitchi mnzanga wina anandiuza za aphunzitsi ena aakazi a ku Chipata, ku Zambia, amene ntchito yawo inali kuyenda m'masukulu aboma kuona kuti ana akuda ndi ena obwera sakusalidwa. Anawaimbira, ndipo pamsonkhano wachiwiri anabwera. Anafika mochedwa, nsapato zitanyowa, akuchokera kusukulu ina. Sanakhale mbali ya mphunzitsi wamkulu. Anakoka mpando n'kukhala pambali panga.

Anafotokoza za kumeta mosakweza mawu. Kenako anafunsa kuti bambo a mwanayu atamwalira, ndani pasukulupo anaimba foni kudzapepesa. Panalibe amene anaimba. Mphunzitsi wamkulu anati lamulo la zipewa ndi la ana onse mofanana. Aphunzitsi a ku Chipata anavomera, koma anati aonenso kuti amene amatumizidwa kuofesi chifukwa chofunda kumutu ndi ana ati, ngati si atsikana athu amene tsitsi lawo latsala pang'ono kumaliza kuluka. Anakambirana nthawi yaitali, zambiri zinkandidutsa. Pomaliza anagwirizana kuti mwana wanga azivala chipewa mpaka tsitsi limere. Za lamulolo mphunzitsi wamkulu anati akazikambirana kukomiti.

Tili panja kudikira basi, aphunzitsiwo anaseka pang'ono.

"Komiti imeneyo, amai, ninayamba kuiyembekezera mwana wanga akali kuyamwa. Manje ali na ndevu."

Ndinawafunsa ngati satopa. Anati amatopa kwambiri, koma akasiya, pampando uja pakhala ndani.

Mwana anakanabe. Anati chipewa kaya popanda chipewa, onse anaona kale. Aphunzitsi aja anabwera kwathu ataweruka, anakhala pansi pakhomo la chipinda chake, n'kumalankhula naye m'Chingerezi chitseko chili chotseka. Zina ndinamva. Anamuuza kuti nawonso anawameta ali mtsikana bambo awo atamwalira, ndipo analira tsitsilo mobisa, akuchita manyazi kuti akulira tsitsi pamaliro a bambo. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka.

Potuluka aphunzitsiwo anandikokera kukhitchini.

"Amai, uyu mwana anabadwira kuno. Munamuuza chifukwa chake timameta?"

"Ndimayesa akudziwa, aphunzitsi."

"Angadziwire kuti? Muuzeni lero."

Ndinamuuza. Ndinati azakhali ake kumudzi nawonso ameta, agogo ake ameta, aliyense amene bambo ake anali wake. Ndinati tsitsi latsopano likamamera, ndiye kuti ifenso tikuyamba kukhala popanda iwo. Anangogwira mutu wanga, kenako wake.

M'mawa mwake tinawapeza aphunzitsiwo atatidikira pageti. Anali atalankhula kale ndi ana a m'kalasimo, pamodzi ndi mphunzitsi uja anamuvulitsa chipewa, amene anabwera kudzandipatsa moni akuoneka womangika. Mwana anaima pakhomo nthawi ndithu, chipewa chitatsika mpaka m'maso. Ine mtima unali m'mwamba kuti abwerera. Anatembenuka n'kunena m'Chichewa chake chopindikacho:

"Mami, pitani kuntchito."

Analowa. Sikuti zonse zinatha tsiku lomwelo. Masiku ena ankabwera atakwiya, ena osalankhula, koma m'mawa ankadzuka. Chipewacho anavala mpaka kunja kunatentha, tsitsi litamera kalekale. Lamulo lija, mmene ndikudziwira, akulikambiranabe.

Aphunzitsi a ku Chipata ndinadzawaonanso kamodzi m'sitima yoyenda pansi pa nthaka, masana ndikupita kukakolopa. Anali atagona, mutu utatsamira pazenera, chikwama chodzaza mapepala chili pamiyendo. Ndinafuna kuwauza kuti mwana uja tsopano ndikumulukanso Loweruka. Ndinawayang'ana nkhope yotopayo, sindinawadzutse. Ndinatsika pamalo panga. Nthawi imeneyo mwana wanga anali m'kalasi.