Galu Amene Anakulira M'dengu la Tiyi

Ndinamutola tsiku la chiperoni. Amene sanakhaleko ku Thyolo sangadziwe kuti chiperoni si mvula, komanso si nkhungu wamba. Ndi kamvula kopanda madontho, kongolendewera m'mwamba n'kumakunyowetsa pang'onopang'ono mpaka kuzizira kulowe m'mafupa. Tsiku lotero munda wa tiyi sukhala ndi malire. Umangoona mizere ingapo yobiriwira patsogolo pako, kenako kuyera kokhakokha. Anzako otchola nawo umangowamva mawu, ngati akulankhula ali kutsidya kwa mtsinje.

Ndinali nditatsalira m'mbuyo chifukwa cha msana, umene unali utayamba kale kundivuta. M'pamene ndinamva kulira kochokera m'ngalande ya kumapeto kwa munda. Poyamba ndinkayesa mbalame. Nditatsikirako ndinapeza thumba la feteleza lomanga kukamwa, ndipo m'katimo munali tiana ta galu. Tina tinali titauma kale, koma kamodzi kankatakatakabe. Tonse tinali tatikazi. Ndi mmene anthu ena amachitira kwathuko: tatimuna amasunga kapena kugawa, tatikazi amati tidzangowaswera mavuto, ndiye amakataya kutali kuti asamve kulira. Ndinatukwana mokweza m'nkhungumo, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi.

Ndinalibe pokaika. Ndinavula mpango wakumutu, n'kukakulunga, n'kukaika m'dengu langa lakumsana, pamwamba pa masamba amene ndinali nditatchola. Dengulo linali langalanga, osati la kampani. Anandilukira ndi nsungwi malemu amuna anga, ndipo zingwe zake zinali zitadya kale njira pamapewa anga. Masamba a tiyi akaunjikana amafunda, amatulutsanso kafungo kawo kobiriwira. Kagalu kaja katangofika m'menemo kanasiya kulira, n'kugona. Tsiku lonse ndinkaponya masamba cham'mbali kuti ndisakakwirire.

Pa sikelo, kapitawo wathu, bambo wamtali wokonda kuseka ndi maso okha, anasuzumira m'dengu.

"Amayi, lero tiyi wanu akupuma," anatero. "Kachotseni kaye. Kampani sigula nyama."

Kanakula ndi phala lotsala ndi mitu ya usipa, m'kanyumba kanga ka m'malayini a esiteti. Ndinkakhala ndekha, mwana wanga wamkazi atakwatiwa ku Limbe, ndiye ndinkakalankhula Chilomwe cha mayi anga, chimene ndinalibe wolankhula naye pakhomo. Dzina sindinakapatse. Kwathu dzina la galu limakhala mwano wolasa woyandikana naye nyumba, kuti ukamaitana galu, mnzako azimva kuwawa ali m'khitchini mwake. Anthu oti ndiwalase analipo ambiri, koma sindinafune kukasenzetsa ndewu zanga. Ndinkangoti "iwe", iko n'kubwera.

Pofika nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphuka mopenga ndipo manja sapuma, kanali katasanduka galu weniweni, wofiirira, wamiyendo itali-itali, khutu limodzi loima lina logwa. M'dengu sankakwananso, koma sanavomere. Ndikaligoneka pakhonde madzulo, ankalowetsamo mutu ndi mapewa, matako ndi mchira zili panja, n'kugona motero. Ana a m'malayini ankabwera kudzaseka, inenso ndinkaseka nawo.

M'mawa ndikangosenza dengu, iye ali kale panjira. Kumunda ankalowa pansi pa tiyi n'kusowa. Unkangoona masamba akugwedezeka patsogolo, mzere wonse, ngati kamphepo kakuyenda kokha. Njoka zinkathawa tisanafike, ndipo amayi anzanga anayamba kukanganirana mzere woyandikana ndi wanga. Masiku ena m'mawa, dzuwa likamatuluka m'nkhungu, mame ali phuliphuli pamasamba, ndinkaima kaye osatchola, kumangoyang'ana kugwedezeka kuja kukupita, kukubwerera. Ndinkaiwala msana, ndinkaiwalanso kuti ndine mkazi wamasiye.

Tsiku lina msana unandigwetsa, sindinathe kudzuka. Mnzanga wa khomo loyandikana, amene dengu lake linali litathyoka chingwe, anabwereka langa. Ndili chigonere ndinamuona pazenera akutsika kanjira, dengu langa lili kumsana, galu wanga ali pambuyo pake akugwedeza mchira. Sanacheuke n'komwe. Zinandipweteka, koma ndinadziuza kuti wapita kukandigwirira ntchito, ndipo nkhaniyo ndinaiika pambali.

Mvula ikutha, a kuchipatala anandiuza mosapita m'mbali kuti ndikapitiriza kusenza, ndidzayenda chokwawa. Mwana wanga anati ndipite ndikakhale naye. Ndinamufunsa za galu pafoni.

"Amayi, tikukhala kachipinda ka lendi. A landilodi ngakhale mphaka safuna. Mum'pezere pokhala konko."

Nyumba ya kampani umaituluka ntchito ikatha, sakusungira. Kapitawo ndi amene anandiuza zinazo, ndipo ulendo uno sanaseke.

"Musadzamusiye pano, amayi. Mukudziwa zimene alonda amachita ndi agalu opanda mwini, chifukwa cha chiwewe. Sadzafunsa kuti anali wa ndani."

Ndiye ndinayamba kuyenda naye ngati munthu wofunira mwana banja. M'malayini aliyense ankamukonda, koma atamva kuti ndi nkhani yomudyetsa tsiku ndi tsiku, chikondi chinathawa. Woyamba kumufuna anali bambo wina wa munda wa nthochi ku Masambanjati, amene akuba anali atamutopetsa. Anamuzungulira galuyo, namutsegula kukamwa, namukoka khutu logwa lija.

"Ndi wofatsa kwambiri uyu," anatero. "Koma tikonza. Makutu tidula, mchira tidula, kenako timusakanizira mavu m'chakudya. Pakutha mwezi palibe adzaponde pano."

"Mavuwo idyani ndinu, bambo, mulondere nokha nthochi zanu," ndinawayankha.

Ndinabwerera ndi galu wanga, ndipo njira yonse ndinkangokumbukira mawu ena owawa amene ndikanawonjezera.

Achiwiri anali anthu abwino, sindinganame: aphunzitsi ena ndi akazi awo, a nyumba ya mpanda wa njerwa, ana awo okonda nyama. Ndinamusiya atamumanga chingwe pansi pa mtengo wa mapeyala, mbale yodzaza ili patsogolo. M'mawa mwake ndikutsegula chitseko, ndinapeza matako ndi mchira zili kunja kwa dengu, kachidutswa ka chingwe chotafunidwa kali m'khosi.

Akuluakulu a m'malayini anandiseka. Anati ndalakwitsa mwambo: galu popita naye kwina umamuika m'thumba kuti asaone njira, ndipo sumupereka waulere, umalandirapo kankhuku kuti akhazikike. Nkhuku ndinalandira. Thumba linandivuta, chifukwa ndinkakumbukira thumba loyamba lija, koma ndinalimba mtima, n'kumukweza pa kabaza ali m'thumba kubwerera naye kwa aphunzitsi aja, akulira njira yonse. Anakhalako masiku angapo, ndipo ndinayamba kupuma. Kenako m'mawa wina ndinamupezanso pakhonde, mutu uli m'dengu, khosi litasupuka. Aphunzitsi anabwera okha kudzatenga nkhuku yawo mwaulemu, n'kunena kuti galuyo sankadya.

Ndisabise, ndinanyada. Ndinkati galuyu sangakhale popanda ine. Koma katundu anali atayamba kale kumangidwa, ndipo ndikaona alonda akudutsa ndi zibonga zawo, ndinkamuitana galuyo kuti akhale pafupi nane.

Wodzanyamula katundu wanga anali bambo wina wachisilamu, mwini kagalimoto kakang'ono konyamula matumba pakati pa Khonjeni ndi misika ina. Atabwera kudzaona kuchuluka kwa katunduyo, galu anathamanga kukawanunkhiza, iwo n'kubwerera m'mbuyo atakweza mkanjo wawo. Galu sankamukhudza, malinga ndi chipembedzo chawo. Koma ataona kuti mbale ya madzi yauma, anatunga okha pa mpopi n'kuthiramo ali chapatali. Ndinawafotokozera nkhani yonse, iwo akuyang'ana mchira wotuluka m'dengu.

"Kuseri kwa Khonjeni kuli mayi ena achikulire," anatero. "Ali ndi kamunda kawokawo ka tiyi, ndimawanyamulira masamba nthawi zina. Amatchola okha, maso ayamba kuchita mdima. Chaka chino anatsala pang'ono kugwira mphiri ndi dzanja. Ndikhoza kukufikitsani, koma mnzanuyo akwere kumbuyo."

Tinanyamuka m'mamawa, chiperoni chitabweranso. Ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi galu ndi dengu langa, mmene ndinaikamo mbale yake ndi kachiguduli kake. Galimoto inkayenda pang'onopang'ono, mitengo ya bulugamu ikutuluka m'nkhungu umodziumodzi n'kumasowanso. Minda yonse imene ndinaigwirira moyo wanga inkadutsa ngati ndikuilota. Galu anatsamiritsa chibwano pa bondo langa, ndipo ndinkamva kufunda kwake kupyola chitenje.

Mayiwo tinawapeza ali kale m'munda, kamunthu kakafupi, pepala la pulasitiki lili m'chiuno, akutchola mopapasa. Anandilonjera m'Chilomwe, mawu ake enieni a mayi anga. Galu sanadikire kuuzidwa. Anadumpha, nalowa pansi pa tiyi, masamba n'kuyamba kugwedezeka mzere wonse. Mayiwo anapendeketsa mutu kumvetsera.

"Akufuna chiyani mmenemo?"

"Akukuyeretserani njira," ndinatero. "Ndiyo ntchito yake."

"Dzina lake ndani?"

"Alibe."

"Zili bwino. Ine ndilibe womunena ndi dzina la galu."

Tinakhala pakhonde, tinamwa tiyi ndi mbatata. Sanafunse ngati amaluma. Anafunsa chimene amadya, ndiponso ngati amaopa mabingu. Galu atabwera, anamupapasa kumaso, napeza khutu logwa lija, n'kuseka okha. Ndinadziwa kuti ndi pano. Ndinatulutsa mbale ndi chiguduli, ndinatsazika, n'kusenza dengu langa mwa chizolowezi.

Ndisanafike n'komwe pa msewu, ndinamva mapazi pambuyo panga. Ndinamubweza, anabweranso. Ndinamukalipira, ndinatola ngakhale kamwala kumuopseza, iye n'kungoima chapatali, n'kuyambanso kunditsata ndikatembenuka. Bambo a galimoto anali atatsegula kale chitseko, akundidikira. Ndinaima pakati pa kanjirako, misozi ili pafupi, ndikuganiza za alonda aja. Kenako ndinayang'ana galuyo bwinobwino. Sankayang'ana nkhope yanga. Maso ake anali pamwamba pa phewa langa. Ndinakumbukira mnzanga uja akutsika kanjira, ndiponso mmene ndinkamupezera m'mawa uliwonse akathawa kwa aphunzitsi: sankakanda chitseko kuti ndimutsegulire.

Ndinabwerera. Ndinavula zingwe pamapewa pang'onopang'ono. Dengu limenelo ndi chinthu chokha cha manja a amuna anga chimene ndinali nacho, ndipo ndinali nditaganiza kuti ku Limbe ndizikasungiramo zovala. Ndinaligoneka pakhonde la mayiwo.

"Ili likhale pano," ndinatero. "Mukamapita kumunda muzisenza limeneli. Zingwe zake n'zazitali, muzifupikitse."

Analipapasa m'mphepete monse, nati, "Analuka ndi munthu wodziwa."

"Eya," ndinayankha.

Galu ananunkhiza dengu, nazungulira, nalowetsa mutu ndi mapewa, n'kugwetsa thupi pansi ndi kupuma kwakukulu. Ndinayamba kuyenda. Msana unali wopepuka mwachilendo, mphepo ikundizizira pamene dengu linkakhala zaka zonsezo. Ndinayenda pang'onopang'ono dala, ndikukhulupirira kuti mwina anditsatako pang'ono pokha, kuti ndimubwezenso. Pofika pa galimoto ndinacheuka. Nkhungu inali itayamba kale kumeza nyumba ndi mayi aja, koma mchira ndinauona, uli phee kunja kwa dengu.

Ndinasangalala, ndipo ndinalira njira yonse mpaka bambo a galimoto anazimitsa wailesi yawo.

Ku Limbe kuno chiperoni chimafikanso nthawi zina, chochepa mphamvu, chonunkha utsi wa magalimoto. Chikabwera ndimakhala pakhomo, mdzukulu ali pamiyendo, ndipo ndimaona munda wopanda malire, masamba akugwedezeka okha patsogolo pa kamayi kakafupi. Bambo a galimoto ndinakumana nawo kamodzi mumsika. Anandiuza kuti galuyo wanenepa, ndipo mayi aja tsopano amamaliza munda wonse osaopa. Ndinawafunsa ngati anathawapo, ngakhale tsiku limodzi, kukandifuna kumalayini.

"Ayi, amayi," anatero. "Sanathawepo."