Impso za a Timóteo

A Timóteo, mphunzitsi wa ku Fonte Boa, sankafuna kudwala matenda a anthu wamba. Malungo ankati ndi a alimi, mphere ndi za ana a shikola. Analeredwa ndi apadiri, Chipwitikizi ankachilankhula ndi kumaloto komwe, ndipo ngakhale m'zaka za nkhondo, sopo atasowa, malaya awo ankayera mbee. Amene ankasupuka manja powachapa ndi phulusa anali akazi awo, a Genoveva.

Miyendo itayamba kutupa, anati n'chifukwa choima tsiku lonse pamaso pa ana. Nkhope itatupa, anthu ananong'onezana kuti apulofesolo akudya okha m'chaka cha njala. Koma nsapato zitakana kulowa, a Genoveva anawakweza panjinga n'kuwakankha mpaka kuchipatala ku Ulongwe.

Kumeneko anapezako dotolo wachinyamata, Alexandre, amene anachokera ku Maputo pagalimoto zoperekezedwa ndi asilikali kudzachita kafukufuku wa matenda a impso. Anadina mwendo wa a Timóteo ndi chala, panatsala kadzenje ngati padothi lonyowa. Nkhope yake inawala ngati mlenje waona mapazi a nyama.

"Anthu ngati inu ndi amene ndikufuna!" anatero.

Anawatenga magazi, anawatenga mkodzo, anajambula miyendo kutsogolo ndi kumbuyo. Kenako anafotokoza kuti impso zawo zatopa, sizikusefanso magazi. Kumaiko akutali, anatero, kuli makina otsuka magazi a munthu. Mwinanso m'bale amapereka impso yake imodzi, madotolo n'kuisokerera mwa wodwala.

"Nanga kuno?" anafunsa a Genoveva.

"Kuno tikufufuza kaye, mayi. Pakali pano asadye mchere."

Mchere womwe nkhondo inali itawaletsa kale.

A Timóteo anabwerera ali osangalala kuposa tsiku la ukwati. Aliyense wokumana naye panjira ankamuuza kuti miyendo yawo ikaonedwa ku Maputo, mwinanso ku Ulaya. Nkhaniyi itamupeza shefe wa m'deralo, anaitanitsa msonkhano pabwalo, anawaimika a Timóteo pampando kuti anthu aone bwino, n'kukweza chibakera.

"Abasho matenda a impso!"

"Abasho!" anthu anayankha, kuti matendawo agwe pansi.

Matendawo sanamve. Miyendo inapitirira kutupa, ndipo mseru unayamba kuwabweza pa chakudya.

Apa a Timóteo anaitana abale awo. Panali mng'ono wawo Romano, amene iwo anamulera okha, munthu wa kwaya wosalawa dontho la mowa, wokonda kunena paliponse kuti "ine ndi achimwene ndife magazi amodzi." Panalinso mlongo wawo Margarida wa ku Lifidzi. A Timóteo anafotokoza ngati ali m'kalasi, kuti Mulungu anapatsa munthu impso ziwiri, koma imodzi imakwana.



"Achimwene," anayamba Margarida, "ine ndinabadwa ndi imodzi."

"Anakuuza ndani?"

"Ndimaimva ndekha ndikamalima."

Romano anayang'ana kudenga. "Zanga n'zoola ndi kachasu, achimwene. Ndingakupatseni chinthu choola?"

"Iwe Romano, unayamba liti kumwa?"

Anayamba tsiku lomwelo. Ankamwera pamsewu penipeni, kuti pasakhale wokayika.

Abale atapita, a Genoveva anakhala pamphepete pa mphasa. "Bambo, dotolo akabwera mumuuze atenge yanga."

"Anati m'bale wamagazi."

"Zaka zonsezi ndadya nanu m'mbale imodzi, magaziwo sanafananebe?"

A Timóteo anafuna kuwayankha za sayansi, koma anangogwira dzanja losupuka lija, osalisiya.

Dotolo, amene anali atabwerera ku Maputo, sanabwerenso. Ena ankati msewu wa ku Tete watchereredwa mabomba, ena ankati wapita kunja kukawerenga zimene anapeza pamaso pa madotolo anzake. M'malo mwake kunabwera mfuti. Tsiku lina m'mawa zinalira kuseri kwa phiri, utsi unakwera, anthu anayamba kuthawira ku Malawi ndi mitolo pamutu. Njinga inali italandidwa kale, ndipo a Timóteo sankatha kuyenda ngakhale kufika pankhokwe.

"Pitani, mayi," anatero. "Ine andipeze pano."

Pakhomo panatulukira Romano, akununkha kachasu, n'kugwada chowafulatira.

"Kwerani, achimwene. Msana ndiye ndingakubwerekeni, poti mubweza."

Anawabereka kudutsa m'minda ya nyemba yosiyidwa, kukwera zitunda, kutsika m'madambo, akupuma pang'ono n'kunyamukanso, a Genoveva akuchirikiza kumbuyo. Njira yonse a Timóteo ankadandaula kuti akuwagwedeza kwambiri munthu wodziwika ku Maputo. Romano ankangolira mwakachetechete.

Pamsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Dedza, a Timóteo anadzidziwitsa kwa namwino kuti iwo ndi wodwala wa kafukufuku. Namwinoyo, amene anali ndi mzere wa anthu mpaka kumsewu, anawapatsa mankhwala a mutu n'kuitana wotsatira.

Anakhalako miyezi ingapo. Ankawagoneka padzuwa kunja kwa chisakasa, ndipo ana a pamsasapo ankawazungulira, iwo n'kumawaphunzitsa kulemba pansi ndi kamtengo, kuti pobwerera kwawo asadzakhale mbuli. Mawu anayamba kuchepa, tulo n'kuchuluka. Anamwalira m'nyengo yozizira, chifunga chitakuta mapiri, ndipo anaikidwa m'manda a eni mudzi amene anawapatsa malo mwachifundo.

Mtendere utabwera, a Genoveva anabwerera ku Fonte Boa ndi Romano. Anapeza nyumba ilibe denga, m'chipinda mutamera chisoso chokhachokha. Anabwereka khasu kwa anansi n'kuyamba kulambula.