Tsiku limene tinadikira nsima kwa aNalau

Ndikukumbukira Loweruka lina la m'nyengo yozizira, dziko litangolowa kumene m'ulamuliro wa zipani zambiri, pamene anthu pa Kasakula anayamba kukamba zandale osacheukanso kumbuyo. Kuchipatala cha mishoni kufupi ndi kwathu kunali namwino wochokera ku Hong Kong, Mayi Lau, amene azimayi a Chigwirizano ankangowatchula kuti aNalau. Anali anzawo a amayi anga, ankaimba limodzi kwaya, ndipo Chichewa chawo chinali chokwanira kukalipira odwala osamaliza mankhwala. Tsiku limenelo anatiitana banja lonse kuti tikalawe chakudya cha kwawo, chimene ankachitcha dim samu.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mng'ono wanga Ndaziona zinayi zokha. Amayi anatikhula ndi mwala mpaka zidendene kuwawa, natidzoza mafuta mpaka kunyezimira. Njira yonse yokwera phiri ankangobwereza chinthu chimodzi, kuti tisakawachititse manyazi kwa mnzawo. Matenda athu ankawadziwa bwino: tinali ana osusuka, omaliza ndiwo nsima isanafike n'pakati pomwe.

Titakhala patebulo, aNalau anabwera ndi timadengu tozungulira ta nsungwi, tosanjikizana, nthunzi ili tolotolo. Atavundukula, nyumba yonse inanunkhira adyo ndi nyama ya nkhumba. Munali timatumba ta ufa wa tirigu topinda bwino m'mphepete, timabanzi toyera ngati thonje, ndi zipalapasiro zofiira zonona. Bambo anga, amene anali aphunzitsi aakulu, anaziyang'ana zipalapasirozo natsokomola, poti kwathu mapazi a nkhuku anali ndiwo za ana. Tiyi anabwera m'timakapu ting'onoting'ono, wopanda shuga, wopanda mkaka.

Ife titaona nyama tinadziwiratu kuti izi ndi ndiwo, ndipo munthu woleredwa bwino sadya ndiwo zokha. Amayi anatilola kulawa kamodzikamodzi. Nditaluma kathumba kanga, msuzi wotentha unadzaza m'kamwa. Mayo ine, kukoma kwake! Dzanja linangopita lokha kukatenga kena, koma amayi ananditsina pantchafu pansi pa tebulo. Basi tonse anayi tinakhala phee, manja pamiyendo, maso kukhomo la kukhitchini.

ANalau ankangolowa ndi kutuluka, akubweretsa timadengu tina pamene toyamba tija tikuzizira. Tinadzamva pambuyo pake kuti anadzuka mbandakucha kupinda timatumbato kamodzikamodzi, kuti ufawo anachita kukagula ku Lilongwe, ndiponso kuti chibwerereni kuno anali asanaphikireko munthu aliyense zakwawo. Anafunsa ngati mchere wachepa. Amayi anayankha mwaulemu kuti zonse zili bwino kwambiri, koma sanatenge kanthu. Ndinaona aNalau akumwetulira mokakamiza, kenako anayamba kuvundikira timadengu kuti achotse, misozi ili lengelenge. Ndinawamvera chisoni, ngakhale sindinadziwe chimene tawalakwira.

Ndaziona ndiye analephera kupirira. Anakoka nsalu ya amayi n'kufunsa mokweza.

"Amayi, kodi nsima ibwera liti? Ndiwozi akuchotsatu."

Amayi anasowa poyang'ana. Koma aNalau anaima kaye, dengu lili m'manja, kenako anaseka mpaka kukhala pampando.

"Anzanga, nsima kulibe. Chakudya ndi chomwechi. Ine ndimayesa chakunyansani."

"Nanga ine mwana wangayu ndamutsinira chiyani?" anatero amayi, atagwira pakamwa.

Timadengu tinabwerera pamoto, ndipo chakudya chitabweranso sitinachite ulemu. Timitengo tiwiritiwiri timene aNalau anatipatsa kuti tidyere tinatikanika tonse. Ndaziona ankangobaya nato mabanzi, mpaka aNalau anati tidye ndi manja. Bambo anakhalira zipalapasiro, mafupa kuunjikana pambale, ndipo pobwerera anatiopseza kuti aliyense wokanena zimenezi kusukulu aona zakuda. Ndaziona anagona kumsana kwa amayi tisanatsike phiri, masaya ali noninoni.

Masiku ano mumzinda malo odyera zakudya za ku China ali mbwee, ndipo ana anga amagwira timitengo tija bwino kuposa khasu. Sadikira chilichonse, amangodya. Ine ndikalandira alendo, kaya ndaphika chiyani, ndimanena asanasambe m'manja kuti adye, palibe china chikubwera. Amandiseka, koma ine ndinaona ndi maso angawa ulemu wathu wonse uja utatsala pang'ono kuliza munthu amene ankatikonda.