Chithumwa cha pamkono wa amalume

Amalume anga, mchimwene wawo wa mayi, anagwira ntchito ya ulonda ku Limbe mpaka imvi mbuu. Asanaiyambe anapita kwa sing'anga wina cha ku Mozambiki, n'kubwerako ndi chithumwa chosokerera m'kansalu kakuda, chomanga pamkono wamanzere. Ankati chikwanje cha mbava sichingawalowe, ndipo imfa singawatenge chithumwacho chili pathupi. Mbava sizinawatemedi. Kaya chinali chithumwa, kaya n'chifukwa choti ankagona tulo kuseri kwa sitolo mpaka kucha, ine sindikudziwa.

Khansa ya kummero inawapeza atapuma kale ntchito. Ku Nguludi adokotala anatiuza mosabisa kuti chochita chatha, anatipatsa botolo la mankhwala opha ululu, tikawasamalire kunyumba. Akazi awo anali atatsogola kale, choncho anabwerera kwa mlongo wawo, kumudzi kwathu cha ku Mauwa. Ine ndinkapitako Loweruka lililonse kuchokera m'tauni, minibasi kenako kabaza, shuga ndi sopo m'chikwama.

Munthu uja anatha tikuona. Phala linkabwerera. Mayi ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira zofunda, ndipo amalume ankatembenukira kukhoma ndi manyazi, pakuti kwathu mlongo saona thupi la mchimwene wake. Chingwe cha chithumwa chinayamba kukhwepa, n'kumatsetserekera pachigongono. Mayi ankachikwezera m'mwamba akamaliza kuwapukuta.

Tsiku lina ndili pomwepo amalume anati, "Achemwali, tadulani ichi. Chikundigwira n'chimenechi. Ine ndatopa."

Kwathu zimadziwika kuti munthu wokhwima safa msanga, amangozunzika mpaka wina wa magazi ake atamumasula. Mwiniwake sangadzimasule. Ndiye kuti amalume ankapempha mayi, osati wina, kuti awatsegulire njira.

Mayi ndi munthu wa korona, wa kumphakati, wosajomba Misa ngakhale mvula ikugwa. Moyo wawo wonse akhala akunena kuti zithumwa ndi zachabechabe, nsanza basi. Koma tsikulo anayankha kuti, "Achimwene, mukufuna ndikupheni ine?" Anatuluka n'kukakhala pamtondo, osasinja kanthu.

Ine zinandikwiyitsa. Ndinawatsatira n'kuwafunsa kuti ngati ndi nsanza, kudula nsanza kukhala kupha bwanji? Ngatinso si nsanza, bwanji zaka zonsezi ankatinamiza? Ndinawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa, asankhepo limodzi. Mayi anandiyang'ana n'kunena kuti sukulu inandipatsa pakamwa, nzeru ayi.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye mayi anaitana akatekisiti. Iwo anafika pa njinga, anamwa thobwa, n'kugamula bwino lomwe: chithumwa chidulidwe lero lomwe chifukwa n'chachikunja, koma wodulayo asadule ndi mtima woti wodwala afe, poti moyo mwini wake ndi Mulungu. Amalume ali m'nyumba anamva, anakuwa ndi timawu tawo totsalato kuti, "Nanga ndikudulitsiranji?" Akatekisiti anati akafunsa kwa ansembe. Anakwera njinga.

Mayi wina wachisilamu woyandikana nafe, wogulitsa usipa ku Namadzi, anati kwawo tsiku la munthu linalembedwa kale, chingwe sichingaliwonjezere kapena kulichepetsa, ndiye adule kaya asiye n'chimodzimodzi. Anali wolondola kuposa tonse, koma mawu ake sanathandize aliyense. Ine ndinadzipereka kuti ndidule ndine. Amalume anakana, ati mwana wa mlongo samasula malume wake mlongoyo ali moyo.

Anapempha m'mawa uliwonse. Sankakalipa, ankangopempha ngati munthu wopempha madzi. Mankhwala a m'botolo ankagwira pang'ono, kenako ululu unkabwerera, iwo n'kumaluma chofunda kuti tisamve. Ndinkawamvera chisoni amalume, koma mayi ndi amene ankandiliza. Anawonda ngati odwala ndi iwo.

Mayi anadula chingwecho nthawi yokolola nandolo, masana dzuwa lili paliwombo. Tinawatulutsira amalume pakhonde. Mbiri inali itayenda kale, achibale anabwera n'kukhala pansi pa mango, ena atavala zitenje za kumaliro, ndipo alamu anga ena ndinawaona akuyeza ndi maso mtengo woti agwetse wa nkhuni. Mayi anatenga lezala latsopano, anagwada, anachita chizindikiro cha mtanda. Chingwe chinali chitafumbwa, chinangoti phwe. Amalume anati, "Zikomo achemwali," anatseka maso, anapinda manja pachifuwa okha kuti tisavutike.

Tinadikira. Nkhuku zinalowa pa nandolo, palibe anazipirikitsa. Dzuwa litapendeka amalume anatsegula diso limodzi, anationa tonse tili phee, n'kunena kuti, "Sing'anga uja anandidyera mbuzi yanga." Achibale ananyamuka mmodzimmodzi, aliyense akuti wasiya moto kunyumba.

Amalume anakhalabe ndi moyo mpaka mvula yoyamba, mpaka chimanga kumera. Sanapemphenso kanthu, chifukwa chopempha chinali chitatha, ndipo masiku amenewo ndi amene anali owawitsitsa. Mayi anapitiriza kusambitsa ndi kutembenuza. Ansembe anabwera kudzawadzoza. Anamwalira m'mawa wina mayi ali kudimba, ine ndili m'tauni.

Kuchokera pamenepo mayi salandira Ukaristia. Ku Misa amapita, amakhala pamalo pawo pa nthawi zonse, anzawo akamanyamuka kukafola iwo amapinda miyendo kuti anthu adutse. Ndawalankhula mpaka malovu kuuma. Ndawauza kuti inali khansa, adokotala ananena okha, komanso kuti munthu anakhala miyezi chingwe chitadulidwa, mudzi wonse ndi mboni. Ansembe nawonso akuti anawauza zomwezo.

Ulendo wathawu ndinayambitsanso nkhaniyi tikusenda chinangwa. Mayi sanakweze mutu.

"Ndikudziwa kuti chingwe sichinawaphe, usandione ngati chitsiru," anatero. "Koma podula paja ndinkafuna afe. Ndinapemphera kuti chigwire ntchito. Ndipo atatsegula diso lija, ine ndinakhumudwa."

Ndinati akalape basi, nkhani ithe.

"Kulapa n'kunena kuti sindidzachitanso," anatero mayi. "Atabwerera lero n'kundipempha, ndikhoza kudulanso."